Mkulu wa bandi yathu ndiyenso nkhoswe yanga, ndikadandaule kwa yani?

Azakhali,

Ndikulemba kalatayi 2 koloko usiku itadutsa kale. Ndili ndekha m'nyumba kuno ku Ndirande, ndakhala pamkeka chifukwa matiresi anapita nawo. Chonde musalembe dzina langa. Anthu kuno amandidziwa, ngakhale ambiri amangoti "uja wa besi uja".

Ndili ndi zaka 33 ndipo ndimaimba gitala ya besi m'bandi ina yaing'ono ya muno mu Blantyre. Si bandi yoti mungaimve pawailesi tsiku ndi tsiku ayi. Ndife aja timaimba m'mabala ndi m'maholo a m'maboma: Loweruka ku Luchenza, Lamulungu masana ku Mulanje, mwezi ukatha titsikire ku Nchalo anthu a m'minda ya nzimbe akalandira. Nyengo ya fodya timakwera kumtunda, Ntcheu, Dedza, mpaka ku Kasungu. Ndatha zaka 9 ndili pamsewu chonchi.

Mkazi wanga wachoka Lachiwiri lapitali. Watenga mwana, mapoto, mbaula ndi matiresi aja, wapita kwa amayi ake ku Bvumbwe. Akuti nkhani ndi ndalama. Ndalamazo ndinatengadi, sindikana, koma mundimve kaye mmene zinakhalira.

Mwini bandi yathu ndi achimwene anga, mwana wa amayi aakulu. Ndi iwo anandiphunzitsa kugwira gitala ndili Fomu 2, ndi iwonso anakhala nkhoswe yanga pomwe ndinkakwatira. Zida zonse ndi zawo: masipika, mikisa, ng'oma, ngakhale besi yomwe ndimaimbayi. Ndiye kagawidwe kake kamakhala kotere. Shoo ikatha amawerenga za pageti, mwini bala amatengapo gawo lake. Pa zotsalazo amachotsa ya minibasi, ya mafuta, ya jenereta, ya mapositala, ya anyamata apageti ndi ya achitetezo. Kenako achimwene amachotsa ya zida. Akatero amatenganso gawo lawo monga woimba wamkulu, ngati kuti amene watenga ya zida uja anali munthu wina. Zotsala m'mbale ndiye timagawana anthu asanu ndi mmodzi. Tsiku labwino ndimapeza K30,000. Ndinabwerako ku Balaka tsiku lina ndi K4,000 m'thumba, kuchotsapo ya kabaza yondifikitsa kunyumba.

Mu Novembala 2024, mafuta atasowa dziko lonse, magalimoto akugona pamizere, achimwene anabwera kunyumba madzulo. Anati apeza mashoo atatu otsatizana, Liwonde, Mangochi ndi Monkey Bay, koma mwini minibasi akufuna zake zonse tisananyamuke, ndipo dizilo ndi wogula m'zigubu kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, mtengo wake wochita kugwetsa nkhope. Pankafunika K400,000. Anati, "Mng'ono wanga, pezako kwinakwake, Lolemba ndikubwezera ndi kenakake pamwamba." Mkazi wanga anali atangotenga ngongole ku banki m'khonde yoti akaodere belo la kaunjika ku Limbe, poti amagulitsa zovala za ana mumsika wa Ndirande. Ndalamazo zinali m'kachikwama pansi pa zitenje zake. Ndinatenga. Sindinabe, Azakhali, ndinabwereka, kungoti sindinamuuze. Ndinkati masiku anayi okha, belo silithawa.

Ku Liwonde mvula inayamba 7 koloko, mvula yamphepo ija yoyamba. Magetsi anazima, jenereta yomwe tinabwereka inkangotsokomola, tikayatsa masipika onse imazima. Analowa anthu osakwana makumi anayi, ena mwa iwo othawa mvula. Ku Mangochi anthu anadzaza ndithu, ndinaona ndi maso anga, mpaka ena ankavinira panja. Koma powerenga za pageti zinapezeka zochepa zomvetsa manyazi. Mwini bala akuti anyamata athu ndiwo amalowetsa anzawo ulere, anyamata athu akuti ndi abale a mwini bala ankalowera kukhomo lakumbuyo. Ku Monkey Bay sitinafikeko n'komwe, wokonza shoo anazimitsa foni.

Anthu akationa pasiteji titavala malaya ofanana amayesa tikudyerera. Malaya amenewo timachapa m'ndowa kuseri kwa bala n'kuwayanika pawindo la minibasi ikuyenda. Mipando yakumbuyo amaichotsa kuti masipika alowe, ndiye ine malo anga ndi pamwamba pa sipika yaikulu, khosi lopinda chifukwa mutu umagunda denga, mapazi a woimba ng'oma ali m'nthiti mwanga kuchokera pa Zomba mpaka kunyanja. Ku Mangochi kuja, kutentha konse kuja, ife tinagona m'minibasi momwemo kulondera zida, udzudzu ukutidya, pomwe achimwene anakagona ku resitihausi ya fani. Iwo anadya chambo. Ife tinapatsidwa mbale imodzi ya nsima ya usipa anthu awiri. Mwina muziti ndi nkhani yaing'ono, koma chambo chimenecho chinagulidwa ndi ndalama ya belo la mkazi wanga, ndipo sanandiitane ngakhale kudzadya mutu wokha.

Ndipo za mawaya. Gitala ndi yawo, koma waya ukaduka akuti agule ndi woimbayo poti ndiye waudula. Chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawaya a besi sagulika. Waya wanga waukulu ndinachita kuumanga mfundo kumtunda kwake, ndakhala ndikuimba choncho miyezi isanu ndi iwiri, chala chinachita kung'ambika mpaka chinauma chokha. Woimba kiyibodi yekha ndiye amagulidwira chilichonse, ngakhale adaputa, chifukwa ndi mlamu wawo. Yemweyonso ndi amene amatenga tchaja changa osapempha.

Tchaja chimenechi ndiye chandifikitsa pa nkhani ina ija. Usiku wa ku Mangochi mwana wathu wamkazi, wa zaka zinayi, anatentha thupi mpaka kukomoka. Malungo. Mayi ake anamubereka kumbuyo pakati pausiku kufunafuna galimoto, mafuta kulibe, mpaka woyandikana nafe wina anawatengera ku Queens panjinga yamoto. Anandiimbira maulendo 23. Foni yanga inali yozima. Ndinamuuza kuti batire inatha, ndipo inalidi itatsala pang'ono kutha. Kungoti ndinaizimitsa ndekha. Pali mtsikana wina amene amatithandiza kuimba, shoo itatha tinapita kukakhala kunyanja kupitidwa mphepo. Zambiri ndisanene. Palibe chachikulu chinachitika, ndipo munthu ukakhala kuti waimba maola asanu n'kupatsidwa K6,000, umafuna wina woti akumvere chisoni. Wina anatijambula tikutuluka limodzi pabala paja, chithunzi chinafika pa Facebook, mng'ono wake wa mkazi wanga n'kumutumizira ali m'chipatala momwemo. Tsiku lomwelonso ndi pomwe anatsegula kachikwama kaja kuti atengepo ya mankhwala ndi chakudya.

Mwanayo anachira, Mulungu ndi wabwino. Koma mayi ake sanandikalipire, ndi chimene chikundiopsa. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo a mwana, mwabwera?" Basi.

Banki m'khonde amagawana mu Disembala, ndipo ngongole yonse imayenera kubwerera ndi chiwongoladzanja chake asanagawane. Amayi aja anabwera gulu lonse Loweruka m'mawa, ananyamula wailesi yakanema, mipando ndi tebulo, anthu a mulaini monse atatuluka kudzaonerera. Ine ndinali ku Chikwawa. Mkazi wanga anaima yekha pakhonde. Ndikudziwa kuti zinamupweteka, koma nayenso akudziwa kuti anandipeza ndili woimba. Tinakumana pa shoo ku Chilomoni, anali kutsogolo kwenikweni akuvina, ndi iye anayamba kundifunsa dzina. Lero akuti kuimba si ntchito. Nanga mu 2020, misonkhano italetsedwa chifukwa cha Covid, mabandi onse atakhala pansi, ndani ankakandira simenti ku Chileka kuti m'nyumba muno mudyedwe? Manja anga anachita matuza osatha kugwira gitala. Zimenezo zaiwalika.

Amalume ake a mkazi wanga, omwe ndi nkhoswe ya kuchikazi, anaimbira achimwene kuti akhale pansi. Achimwene anayankha kuti, "Ine ndinamuuza kuti apeze ndalama, sindinamutume kukaba kwa mkazi wake." Azakhali, mawu amenewa akundilira m'mutu usiku uliwonse. Kukaba. Munthu amene anadya chambo uja. Munthu woyenera kundiimira pamlandu ndi yemwe ali ndi ngongole yomwe yabweretsa mlanduwo, ndipo mpaka lero wandibwezera K50,000 yokha, nayonso pa Airtel Money osaikapo yotapira. Nditawakumbutsa za zotsalazo anaseka, akuti shoo ikagwa imagwera tonse, ndiponso ndisamadzimve chifukwa masiku ano besi amaimba ndi dzanja lamanzere pa kiyibodi. Zaka 9, Azakhali. Amayi anga akuti ndisalimbane nawo, ndi magazi amodzi, ndipo ndi iwo anagula bokosi pa maliro a bambo.

Amalume aja andipezera ntchito yonyamula katundu pa shopu ina ku Limbe. Akuti ndikayamba ntchitoyo n'kusiya bandi, mkazi wanga aganizanso. Sananene kuti abwerera, akuti aganiza. Koma ino ndiye nyengo yokhayo yomwe woimba amaona ndalama, Khirisimasi ndi Nyuwere, ndipo tili ndi mashoo asanu, awiri mwa iwo ndi a ukwati olipiriratu. Ndikapita mwina ndipeza theka la ngongole ija. Ndikapita ndiye kuti ndatsimikizira akuchikazi kuti sindimva. Mtsikana ujanso akhala m'minibasi momwemo. Ndipo kunena zoona, ndikaganiza zonyamula matumba a shuga kuyambira m'mawa mpaka madzulo osadzagwiranso besi, mtima umandithina. Pali kanthawi kena ng'oma ndi besi zikagwirana bwino, holo yonse n'kuyamba kuyenda pamodzi, sindidziwa kuti ndingakufotokozereni bwanji. Kodi ndi tchimo kukonda zimenezo?

Ndiye ndithandizeni. Kodi munthu angasinthe nkhoswe banja lili pakati pa mlandu, ndipo amayamba kuuza yani? Ndalamayi ndikaitengere kwa amfumu kapena kukhoti, pomwe palibe pomwe tinalemberana, komanso ndi m'bale wanga? Za kunyanja zija ndimuuze zonse mkazi wanga, kapena ndingosiya pomwe akudziwapo, poti mwina kuulula n'kumene kungathetseretu banja? Nanga mwana wanga ndikamuone bwanji ku Bvumbwe ndili chimanjamanja, apongozi andilandira? Dzulo ndinaimba foni, anayankha ndi mwanayo, akuti, "Adadi, muli ku shoo?" Ndinali m'nyumba muno, pamkeka pomwe pano.

Minibasi inyamuka Lachisanu 4 koloko m'mawa, ndipo ku Limbe akuti ndikaonekere Lachisanu lomwelo 7 koloko.

Ine wothedwa nzeru,
Ndirande, Blantyre