Aise, za Jordan Love uja

Aise,

Uthenga wako ndauona Lachiwiri ndikuweruka. Mwanayo wafanana ndi mayi ake, chako ndi mphuno yokha basi, umupatse moni mlamu. Koma iwe, munthu wangokhala bambo kumene ukupeza kuti nthawi yondiputa za Packers, timu yathu ya mpira wa ku America (American football)? Eti Love, woponya mipira (quarterback) amene analowa m'malo mwa Rodgers, sadzafika pa Rodgersyo. Unachoka ku Wisconsin kuno koma pakamwa sunasinthe.

Tamvera. Rodgers anakhala pa benchi zaka zitatu kudikira Favre, amene anali woponya mipira nthawi imeneyo, ndipo atayamba mu 2008 timu inawina magemu 6 okha kuluza 10. Love nayenso zitatu pa benchi, koma sizoni yake yoyamba, ya 2023, anawina 9 kuluza 8, ma touchdown (zigoli) 32 pomwe mkulu wakoyo anali ndi 28, kenako kukaiswa Dallas kwawo konko 48-32, owakha mipira ake onse ana a dzulodzulo. Ndiye usandiwerengere ma MVP (mphoto ya wosewera woposa onse) anayi a Rodgers ndi Super Bowl (fainolo ya chikho) ya 2011, zimenezo zinabwera pambuyo.

Chikundisowetsa tulo ndi mpira womaliza uja ku San Francisco. Tikutsalira 24-21, kwatsala masekondi koma mpata ulipo, Love akuthawira kumanja n'kuponya mobwerera pakati pa bwalo pomwe pali chigulu cha anthu, Greenlaw wa San Francisco n'kuuwakha, gwii! Ndinaima ndi mbale ya nsima m'manja osadziwa kuti ndiike pati. Rodgers sakanaponya umene uja, akanautayira kunja n'kuyambanso. Zija ndi za Favre aise, paja mpira wake womaliza ku Packers unatheranso m'manja mwa timu ya Giants. Ndiye ndikuopa kuti mkono ndi wa Rodgers koma mutu ndi wa Favre, ndipo mutu ngati umenewu ungatizunze zaka khumi ndi zisanu, Januwale aliyense mtima m'mwamba. Ndaubwereza pa YouTube kangapo, dzulo mpaka pa break ku ntchito, nthawi zonse ndimayembekezera kuti mwina ulendo uno autaya kunja.

Hita ya kuchipinda yayambanso kulira kwake kuja, landilodi sakuyankha foni, ndikugona ndi masokosi awiri. Fosholo yako ya sinowo inathyoka chogwirira. Ankolo anatuluka m'chipatala sabata yatha, akuyenda ndi ndodo. Amakufunsa.

Gemu ija ndinaonera ndekha. Achimwene ako anali pa shift ya usiku, a Abusa ati mpira wa Loweruka usiku sangaukwanitse. Carlson wathu ataphonya field goal (kumenya mpira ndi phazi pakati pa mitengo ya golo) ndinatembenukira mbali yako ya sofa kuti ndimve ukulalata, kunali pilo chabe. Zinandiwawa kuposa kuluzako.

Komabe Love ndi wathu, ndipo akangophunzira kutaya mpira kunja udzandipepesa wekha. Foni yatsala 3%, chaja ndaisiya m'galimoto ndipo kunjaku sindingatuluke, mawa ndikuuza zomwe ndaona pa mapazi ake akamaponya, chifukwa mwendo wakumbuyo uja