Kalata yotseguka kwa Nduna yoona za usodzi

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mayi wogulitsa nsomba mumsika wa Mzuzu. Takhala tikudandaula mwakachetechete kudzera m'makalata, koma yankho silibwera, n'chifukwa chake lero ndalemba poyera.

Bwerani m'mawa mudzaone zomwe zikutsika m'maminibasi ochokera ku Nkhata Bay. Ndi kasawala, ana a chambo osaposa chala, atadzaza mabeseni pamodzi ndi bonya. Akugwidwa ndi maneti a udzudzu osokedwa pamodzi, omwe amakokedwa m'madzi osaya. Inu mukudziwa bwino, bwana, kuti chambo chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, kenako anawo amakulira m'mphepete, m'mabango. Khoka lotere likadutsa pamenepo limakokolola ndi nsomba za chaka chamawa zomwe. Ife timagulitsa mtima ukuwawa poti kunyumba ana akudikira ufa, ndipo chambo chachikulu chikapezeka, mtengo wake ngakhale mphunzitsi amangofunsa n'kubwerera.

Zina ndingotchula. Mabango akudulidwa, mitsinje ngati Luweya ikutsitsa matope chifukwa mitengo ikutha kumtunda, mpasa ukusowa, ntchila ana athu sakuidziwa n'komwe. Mu 2018 bungwe la IUCN, loona zoteteza chilengedwe pa dziko lonse, linaika mitundu ina ya chambo m'gulu la nsomba zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Kodi zimenezi sizinafike pa tebulo lanu?

Lamulo la usodzi la 1997 linati anthu a m'midzi azitenga nawo mbali poteteza nsomba. Makomiti a m'madoko alipo, koma omwe ndikuwadziwa ine amalondera pansi, wopha nsomba mozemba ali pamadzi. Pamisonkhano tinamva malonjezo a maboti ndi mafuta, tinaomba m'manja, basi. Chonsecho pachilumba cha Mbenje ku Salima, mfumu Makanjira imatseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo, anthu amamvera, ndipo nsomba zimapezeka.

Pempho langa ndi ili, mwaulemu. Akatswiri a zansomba tili nawo pa Mzuzu University pompano, enanso ali ku Monkey Bay. Apatseni ndalama ayeze nyanja kuyambira ku Usisya mpaka ku Chintheche, aike zizindikiro pomwe nsomba zimaswana, ndipo zomwe apeza zilengezedwe pa wailesi m'Chitonga, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa. Nyanja ikamatsekedwa mu Novembala, boti lolondera likhale lili kale pamadzi, ndi mafuta ake.

Ine wanu,
Mayi wogulitsa nsomba, Mzuzu