Azisudzo nonse, weekend ino tili ndi ma show atatu

Mamembala a gulu la zisudzo,

Weekend ino kulibe kupuma. Lachisanu 5 koloko madzulo tikumane ku holo yathu ya masiku onse, rehearsal yomaliza, tivaliretu ma costume ngati show yeniyeni. Loweruka basi inyamuka 6 koloko m'mawa kupita ku festival, kumeneko atipatsa mphindi 30 zokha pa siteji ndiye sewero lija tidula chigawo chapakati, amene muli m'chigawocho mwamvatu. Tikangotsika pa siteji tinyamuke osayamba macheza chifukwa 7 koloko usiku womwewo tikusewera lathunthu ku holo, Lamulungu 2 koloko masana tibwerezanso.

Anzathu akusewera abambo aja alowa ma show onse atatu, mawu akawathera tagwa nayo tonse, chonde musawakokere kokacheza Loweruka usiku.

Bweretsani costume yochapa, script, zodzola, nsapato zakuda ndi madzi akumwa. Ma props aliyense anyamule ake, zoti "ndimayesa wina watenga" ayi. Ndalama ya thiransipoti tinagwirizana ija ifike kwa msungichuma pofika Lachinayi.

Yankhani lero kuti "ndilipo". Ngati simubwera nenani msanga tipeze wolowa m'malo mwanu.