Fort Jameson ndinaiona m'foni

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Chipata mvula yayamba, anthu ali kalikiliki m'minda. Amayi anu ndinawaona Lamlungu ku Feni. Mwendo ukuwavutabe, koma akuyenda.

Chimene ndakulemberani ndi ichi. Mphwanga uja wophunzira za makompyuta ku Lusaka wabwera kutchuthi, ndipo tsiku lina ananditengera ku Down Shops kuti ndikaone ntchito yake ya kusukulu. Anandipatsa foni nati ndiloze kamera kutsidya kwa msewu. Pagalasi ndinaona msewu womwewo, njinga zonyamula anthu zikudutsa, koma pamene pali sitolo lero panatulukira chithunzi chakale cha nyumba ya malata ya khonde lalitali. Ndikasuntha foni, nyumbayo inkatsala pamalo pake ngati yakhomedwa. Akuti zimenezi ndi augmented reality. Foni imadziwa pamene waima ndi GPS, kampasi yake imaiuza kumene wayang'ana, kenaka imasanjika chithunzi pamwamba pa zimene kamera ikuona. Ndi nzeru yomwe ija ya masewera a Pokémon Go amene anatchuka mu 2016.

Ndinaima nthawi yaitali, achimwene. Tonse tinaphunzira kusukulu kuti tauni ino inali Fort Jameson, dzina la Leander Starr Jameson, ndiponso kuti inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Tinkangoloweza kuti tikhoze mayeso. Koma kuiona itaima pamsewu umene ndimagulapo feteleza, mtima unagunda mwamtundu wina.

Titafika kunyumba ndinapenda zithunzi zonse zimene mnyamatayu wasonkhanitsa, ndipo apa ndi pamene ndinayamba kudandaula. Pafupifupi zonse anajambula ndi azungu. Muli boma lawo, nyumba zawo, minda yawo ya fodya. Anthu athu ali m'mphepete, atasenza katundu, opanda maina. Mwana akaloza foni n'kuona zokhazo, adzayesa mbiri ya kuno inayamba tsiku limene mzungu anafika ndi kamera. Nanga Zwangendaba amene anaoloka Zambezi mu 1835, dzuwa litada masana? Nanga Nsingo, mwana wa Mpezeni, amene anatsogolera nkhondo yokana azungu n'kuphedwa mu 1898? Nc'wala, mwambo wathu wa Angoni, inaleka zaka zambirimbiri pambuyo pa nkhondoyo mpaka inabwezeretsedwa mu 1980. Zimenezi zili m'kamwa mwa okalamba ndi m'nyimbo za ingoma. Ndinamuuza kuti foni yakeyo iphunzire kulankhula, kuti munthu akaima ku Mtenguleni, kumene kumachitikira Nc'wala, amve mawu a agogo akufotokoza m'chilankhulo chathu.

Kumene ndikuona kuti ingathandize msanga ndi kumatanthwe a zojambula zakale, monga ku Thandwe. Utoto wina unazilala moti maso okha saugwira, ndipo alendo ena amalemba maina awo ndi makala pamwamba pake. Foni ikhoza kuonetsa mizere yonse bwinobwino munthu osakhudza mwala.

Pa za Gule Wamkulu ndiye tinatsutsana. Iye amafuna kuti munthu akaloza chilombo, foni izinena zonse za chilombocho. Ndinakana. Inde bungwe la UNESCO linazindikira Gule mu 2005, ndipo pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika aliyense amaonera, koma za kudambwe si za pagalasi. Ndinamuuza kuti asanaike kalikonse apite kwa mafumu ndi akuluakulu a mwambo akapemphe, ndipo chimene iwo akaniza chikhale chokanizidwa. Anakhala chete pang'ono, kenaka anavomera.

Mavuto ena mukuwadziwa kale. Zinthuzi zimadya bandulo ndi batire, netiweki kumudzi imabwera n'kupita, ndipo mafoni ambiri otchipa sazikwanitsa. Akuyesa kukonza zoti munthu azitsitsa zonse ali m'tauni.

Tsono pempho langa. Malemu bambo anu anali ndi zithunzi m'sutikesi ija, za ukwati wawo, za kumsika wa Kapata, ndi za tsiku la ufulu mu 1964. Amayi akuti munapita nazo. Zijambuleni ndi foni pamalo owala, osawalitsa fulashi, munditumizire pa WhatsApp. Chilichonse mulembe malo ndi anthu amene mukuwakumbukira. Ndikupemphanso chilolezo chanu, monga mwana woyamba, kuti tikajambule mawu a amayi akuimba nyimbo zimene anaphunzira kwa agogo awo. Iwo avomera kale, angoti ndikufunseni. Tikufuna tipite mwezi uno, misewu isanaonongeke ndi mvula.

Mukabwera ku Nc'wala mu February mubwere ndi ana, adzagwire foniyo okha ku Mtenguleni. Moni kwa alamu.

Ndine mnzanu wa kale,
wa ku Kapata