Lipoti la ulendo wanga ku msonkhano wa za shuga wa ana

A Wapampando ndi makolo anzanga,

Munandituma kuti ndikamve zimene madokotala akunena pa shuga wa ana athu, uja wa mtundu woyamba. Nkhani zinali zambiri, koma ndikhalitsa pa funso limene mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp: kodi shugayu amayambira m'mimba?

Anayamba ndi zimene ena tikuzidziwa kale. Asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kuyamba kupha maselo a m'kapamba opanga insulin, timadzi tothandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga. Chimene ine sindinkadziwa n'choti pakati pa asilikaliwa pali kagulu kamene ntchito yake ndi kuleretsa, kuletsa anzawo kuti asatembenukire thupi lawo lomwe. Shimon Sakaguchi wa ku Japan ndiye anakafotokoza mu 1995, ndipo mu 2025 iye ndi anzake awiri analandira mphoto ya Nobel.

Tizilombo ta m'matumbo tikulowa apa. Si tonse toyambitsa matenda. Tina timadya zimene mimba yathu yalephera kugaya, monga za m'nyemba, masamba ndi gaga, n'kutulutsa asidi wotchedwa butyrate, amene amalimbitsa khoma la matumbo komanso amachulukitsa oleretsa aja. Ku Australia mu 2017 anapatsa mbewa zokhala ndi chibadwa cha shuga chakudya chochulukitsa asidi wotereyu, ndipo zambiri sizinadwale. Mu 2013 ena anatenga tizilombo ta mbewa zazimuna n'kuika mwa zazikazi zazing'ono, zomwe zimadwala kwambiri, nazo zinatetezeka. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandinong'oneza kuti kwawo mbewa amaziona pa mpani basi.

Nkhani ya kafukufuku wa pa anthu ndi imene inandigwira mtima. Dziko la Finland ndi limodzi mwa maiko amene shugayu ndi wochuluka kwambiri, pamene ku Karelia wa ku Russia, tsidya lina la malire, ndi wochepa pafupifupi kasanu ndi kamodzi, chonsecho chibadwa chawo n'chofanana ndithu. Atayeza chimbudzi cha makanda, mu 2016 ofufuza anapeza kuti ana a ku Finland ndi Estonia anali ndi tizilombo ta Bacteroides tambiri kuposa a ku Karelia, timene sitiphunzitsa chitetezo cha m'thupi mokwanira. Kafukufuku wa TEDDY, wa ku America, Finland, Germany ndi Sweden, anaonetsanso kuti kuyamwitsa ndi kumene kumaumba kwambiri tizilombo ta khanda m'miyezi yoyamba.

Ndinaimika dzanja kufunsa ngati chambiko kapena mapilisi a tizilombo tabwino angachize mwana amene wayamba kale kubaya insulin. Yankho linali lakuti ayi. Zimene zatheka pa mbewa sizinatsimikizike pa anthu, ndipo maselo amene anafa sabwerera chifukwa cha chakudya. Ngakhale teplizumab, mankhwala amene anavomerezedwa ku America mu 2022, amangochedwetsa matendawa ndi zaka pafupifupi ziwiri, ndiponso amaperekedwa mwana asanafike pofuna jakisoni.

Ndiye wina akabwera ndi botolo lake lotsuka m'mimba n'kumati siyani insulin, mum'bweze pakhomo pomwepo. Nanunso amayi amene munalephera kuyamwitsa musadziimbe mlandu, pakuti ambiri mwa ana athu anayamwa bwinobwino koma anadwalabe.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tiitane namwino wodziwa za kadyedwe, atiuze mmene tingaonjezere nyemba ndi mgaiwa osasokoneza muyezo wa insulin. Malisiti a ulendo ndapereka kwa msungichuma.