Mapointi 13 koma uinjiniya wamukana, makolo tidziwiretu

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko patsamba lanu, mwina kholo lina limva lisanagwere m'dzenje lomwe tagweramo ife. Ine ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare, ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo ku Siyaso ku Mbare, mageti, mafelemu a mawindo, ngolo, chilichonse chomwe kasitomala wabwera nacho. Agogo athu anachokera ku Dedza nthawi ya Nyasaland, ife tinabadwira konkuno koma chiyankhulo sitinataye.

Nkhani ndi ya mwana wa mlongo wanga. Paja kwathu malume ndiye mwini mbumba, nde fizi ya mnyamatayu ndakhala ndikulipira ndine kuyambira Fomu 1. Mwana wa manja abwino zedi, Loweruka lililonse amabwera kushedi, ali ndi zaka 15 anali atadziwa kale kumasula jenereta n'kuyibwezera osatsala bawuti ngakhale imodzi, ndipo aliyense amangoti uyu ndi injiniya basi. Zotsatira za A Level, mayeso a Fomu 6, zitatuluka anapeza A masamu, B Geography, B Business Studies, mapointi 13. Tinapha nkhuku ziwiri, mayi ake kululutira mpaka aneba kutuluka.

Chimwemwe chinatha tsiku lomwe tinakhala pansi ndi foni kuwerenga zofunika kuti munthu alowe digiri ya uinjiniya ku University of Zimbabwe (UZ) ku Mount Pleasant, kenako NUST ku Bulawayo, kenako HIT ku Belvedere. Konseko nyimbo yake ndi imodzi: maphunziro asanu a O Level, mayeso a Fomu 4, kuphatikizapo Chingerezi ndi masamu, kenako ku A Level masamu ndi sayansi, makamaka fizikisi, ndipo ukafuna za chemical ndiye kemisitiri ikhaleponso. Mwana wathu fizikisi alibe. Mapointi ali nawo inde, koma ali ngati makiyi a nyumba ya eni, pachitseko chomwe iye akufuna sakulowa. Anangoti "amalume, nde basi eti?" ine kusowa choyankha.

Chomwe chikundipweteka n'choti chitsekocho sichinatsekeke chaka chino, chinatsekeka kalekale ali Fomu 3. Pasukulu yomwe amaphunzira, dzina sinditchula, ana onse anawaika pa Combined Science, sayansi yophatikiza m'phunziro limodzi, chifukwa labu inalibe zipangizo ndipo mphunzitsi wa fizikisi anali atachoka, nde pofika Lower Six, Fomu 5, anamuuza kuti MPC, ndiye kuti masamu, fizikisi ndi kemisitiri, sangaikwanitse, atenge zomwe zilipo. Fomu yosankha maphunziro ija ndinasaina ndine ndi dzanja langali, nditangoona kuti masamu alipo ndinati zili bwino, palibe ndi mmodzi yemwe anandikhazika pansi kuti bambo, mukasaina apa za uinjiniya muiwale. Nanenso ndili ndi mlandu, sindinafunse, tinazolowera zoti kholo ntchito yake n'kulipira basi zina aphunzitsi akudziwa.

Palinso chisokonezo china pakati pa ife ndi abale kumudzi pa nkhani ya mapointi. Kuno ku ZIMSEC, bungwe la mayeso la Zimbabwe, A ndi 5, B ndi 4, C ndi 3, D ndi 2, E ndi 1, ndiye wamaphunziro atatu akakhoza zonse apeza 15, akachuluka ndiye bwino. Ku Malawi pa MSCE n'zotembenuza, 1 ndiye pamwamba, 9 walephera, amawerenga maphunziro asanu ndi limodzi ndipo wa mapointi 6 ndiye katswiri. Mwana wa 6 kumudzi amamutchula pawailesi, wa 6 kuno uinjiniya angaumve pakamwa pa anzake. Msuweni wanga wa ku Lilongwe anandiimbira pa WhatsApp kuti mwana wake wakhoza bwino MSCE ndimupezere malo ku UZ, ndinamuuza kuti achimwene MSCE imathera Fomu 4, kuno pali Fomu 5 ndi 6 pamwamba pake, musagulitse ng'ombe musanafunse ku ofesi yolembetsa ana. Kumudziko njira ndi yakeyake, mwana amafunsira kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira mayunivesite, ali ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo wa uinjiniya masamu ndi fizikisi zikhale zolimba, akatengedwa apita ku MUBAS, yomwe tinkaiti Poly pa Chichiri paja, kapena MUST ku Thyolo. Ku MUBAS digiri yake ndi zaka zisanu.

Poyamba ndinakwiya, ndimati bwanji osangomutenga mwana poti masamu anakhoza ndi A, koma kasitomala wanga wina wachinyamata yemwe anamaliza uinjiniya wa civil anandionetsa makope ake a chaka choyamba, ndinatonthola. Calculus, mechanics, zamagetsi, kujambula mapulani, kompyuta, zonse nthawi imodzi, ndipo lekichala sabwerera m'mbuyo kukufotokozera kuti force n'chiyani. Ine ndikamawotcherera denga la shedi ndimangoona ndi maso kuti chitsulo ichi chipirira, injiniya amayenera kuwerengera pa pepala n'kusainira, likagwa dengalo mlandu ndi wake. Nde fizikisi ija sakuikira nkhanza ayi. Komanso kungokhoza sikukwanira, malo ndi ochepa, amayamba kutenga a mapointi ambiri. Ukalowa pali attachment kukampani, pulojekiti ya chaka chomaliza, ukamaliza kulembetsanso ku Engineering Council of Zimbabwe, ulendo ndi wautali.

Panopa pakhomo tagawanika. Mayi ake akufuna alembe fizikisi ya A Level payekha, ZIMSEC imalembetsa June ndi November, koma mpaka tipeze senta yokhala ndi labu chifukwa pali practical, komanso zaka ziwiri za fizikisi sungazimeze pa miyezi inayi. Ine ndikuti apite ku Harare Polytechnic ayambe National Certificate ya mechanical, kenako National Diploma, mayeso a HEXCO, bungwe la mayeso a m'makoleji oterewa, manja ake aja agwire ntchito, digiri adzaipeza pambuyo poti mayunivesite amalandiranso a dipuloma. Mlongo wanga akuti ndikufuna mwana adzathere ku Siyaso ngati ine. Takhala sabata osayankhulana bwino.

Pempho langa akonzi, zofunika za makosi amenewa muzizisindikiza m'Chichewa kumayambiriro kwa chaka zotsatira za O Level zikamatuluka, ndi pomwe ana akulowa Fomu 3, osadikira nthawi yofunsira malo. Abusa ndi akuluakulu a mabungwe a maliro nawonso azilengeza, paja ndi komwe timakumana tonse. Lolemba ndikutseka shedi theka la tsiku, tikupita ndi mnyamatayu ku Harare Polytechnic kukatenga mafomu, mayi ake sindinawauze.

Wowerenga wanu,
Mufakose, Harare