Mendulo yopanda dzina si umboni wakuti agogo athu sadamenye nkhondo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za chipongwe chimene mayi anga, munthu wa zaka zoposa 80, adachitiridwa pa mwambo wokumbukira asilikali amene adafera pankhondo, umene udachitika pa boma lakwathu Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Novembala.

Bambo awo a mayi anga adalowa Keyala (King's African Rifles, gulu la asilikali la m'nthawi ya atsamunda) mayiwo akadali kumsana, ndipo adafera ku Burma m'chaka cha 1944. Kalata yonena za imfa yawo idadyedwa ndi chiswe kalekale. Chimene chidatsala ndi mendulo imodzi yooneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, yokhala ndi kansalu kofiira pakati, kobiriwira ngati thambo lamadzulo m'mbali, ndi timizere ta mtundu wa lalanje. Mayi amaisunga m'chitini cha tiyi pansi pa thiranki, ndipo ngakhale ife ana awo sitiigwira popanda kupempha. Tsiku limenelo adaimanga pa nsonga ya chitenje chawo, tidakwera minibasi m'mamawa, ndipo pempho lawo lidali limodzi lokha, lakuti dzina la bambo awo liwerengedwe pamodzi ndi mayina ena lipenga lisanalire.

Mkulu wina wa komiti yokonza mwambowo adailandira mendulo ija ndi zala ziwiri, adaitembenuza ngati akusankha tomato pamsika, kenako adanena mokweza, anthu akumva, kuti kumbuyo kwake kulibe dzina choncho ikhoza kukhala yotola kapena yogula pa kaunjika. Adawonjezera kuti munthu amene adafa asanamalize nthawi yake ya usilikali sapatsidwa mendulo. Mayi sadayankhe kanthu. Adaimanganso pa chitenje paja manja akunjenjemera, adakakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo pamene ena ankaika nkhata za maluwa iwo adangoweramitsa mutu.

Zonse ziwiri zimene mkuluyo adanena ndi zabodza, ndipo chimene chikundiwawa n'chakuti adazinena molimba mtima ngati munthu amene adawerenga malamulo. Mendulo zimene boma la Britain lidapereka kwa asilikali ake ndi a Keyala chifukwa chotenga nawo mbali pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse zidaperekedwa zopanda mayina. Ngakhale mzungu wa ku London amene adamenya nkhondo ku Burma adalandira yake kumbuyo kuli mbee. Zimene zimakhala ndi dzina ndi nambala ya msilikali ndi mendulo za kulimba mtima kwapadera, monga Military Medal ndi Distinguished Conduct Medal, ndipo olandira ake amasindikizidwa mu London Gazette, nyuzipepala ya boma la Britain. Ife sitidanenepo kuti agogo adalandira yoteroyo. Yathu ndi Burma Star, imene msilikali wa pamtunda ankaiyenerera akangogwira ntchito ya nkhondo m'dziko la Burma pakati pa 11 Disembala 1941 ndi 2 Seputembala 1945, ngakhale tsiku limodzi lokha.

Nanga nkhani yakuti wakufa sapatsidwa mendulo adaitenga kuti? N'zoona kuti mendulo zina zidali ndi nthawi yake: 1939–1945 Star inkafuna masiku 180 a ntchito ya kunkhondo, pamene War Medal inkafuna masiku 28. Koma malamulo omwewo adanena poyera kuti msilikali amene ntchito yake yadukizidwa ndi imfa kapena kuvulala pankhondo ayenera kupatsidwa ngakhale masikuwo asanakwane, ndipo mendulo za omwalira zinkapita kwa abale awo. Azungu amene adatenga anyamata athu m'midzi adavomereza okha kuti imfa yakwaniritsa zonse. Kodi n'kutheka kuti Mmalawi mnzathu, atavala duwa lofiira pachifuwa, akhale wouma mtima kuposa atsamunda? Kodi ankafuna kuti agogo adzuke m'manda ku Burma, amalize miyezi isanu ndi umodzi, kenako afenso kuti dzina lawo liyenere kulowa pa pepala lake?

Anthu amenewa sadapite kokasewera. Mabataliyoni a ku Nyasaland adali m'gulu la 11th East African Division, limene mu 1944 lidatsika m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu, m'matope ndi m'malungo, likuthamangitsa asilikali a Japan mpaka kukafika ku mtsinje wa Chindwin. Ambiri amene adagwa m'nkhalango zimenezo alibe manda odziwika, ndipo mayina awo adalembedwa pa chipilala cha Rangoon Memorial ku manda a Taukkyan pafupi ndi Yangon, pamene pali mayina pafupifupi 27,000. Titabwerera kunyumba, mwana wanga adalowa pa intaneti ndi foni yake, adatsegula kaundula wa Commonwealth War Graves Commission (bungwe losamalira manda a asilikali) amene aliyense amafufuzamo kwaulere, ndipo madzi a tiyi asanawire n'komwe adali atapeza dzina la agogo, nambala yawo ya usilikali, bataliyoni yawo ndi tsiku limene adamwalira. Adawawerengera agogo ake aakazi mokweza, iwo n'kumuuza kuti abwerezenso kachiwiri. Mkulu wa komiti uja adali ndi foni yaikulu kuposa ya mwana wanga, ndipo ndidamuona ndi maso angawa akuigwiritsa ntchito kudzijambula pafupi ndi nkhata za maluwa.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti komiti iyenera kusamala chifukwa pali anthu amene amavala mendulo za eni ake pofuna ulemu kapena thandizo. Ndikugwirizana nazo kwathunthu, chifukwa wonamizira usilikali amaba ulemu wa akufa. Koma kusamala n'kufunsa nambala ya msilikali, bataliyoni ndi chaka, n'kukafufuza m'kaundula. Kuchititsa manyazi gogo pagulu popanda kufunsa funso ngakhale limodzi ndi mwano, ndipo kwathu kuno mwano wotere kwa munthu wamkulu umalipitsidwa nkhuku pabwalo la amfumu.

Vutoli ndi lalikulu kuposa komiti imodzi. Mu Epulo 2021 nduna ya zachitetezo ya ku Britain, a Ben Wallace, idapepesa m'nyumba ya malamulo ya dzikolo lipoti litaonetsa kuti anthu akuda ndi amwenye zikwizikwi amene adafera pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse sadakumbukiridwe mofanana ndi azungu. Eni ake nkhondo akupepesa chifukwa chotaya mayina athu, ife kuno tikukana mayina amene adasungidwa bwinobwino. Tili ndi chipilala cha Keyala ku Zomba, tili ndi china ku Area 18 ku Lilongwe, koma mabanja a kumudzi sadziwa khomo loti agogode akafuna kudziwa zimene m'bale wawo adayenerera. Ndipo zisaoneke ngati nkhani ya makedzana, chifukwa ana athu agwanso ku Congo m'zaka zaposachedwapa. Dziko lonse lidanyadira pamene mu Meyi 2019 a António Guterres, mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations pa nthawiyo, adapereka mendulo ya kulimba mtima kwapadera ya Captain Mbaye Diagne Medal ku banja la Private Chancy Chitete, amene adafa mu Novembala 2018 pafupi ndi Beni akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania. Anzake amene adagwa naye limodzi nawonso ali ndi ulemu wawo, Dag Hammarskjöld Medal, imene bungwe la United Nations limapereka kwa osungitsa mtendere amene afera pa ntchito. Zaka 60 zikubwerazi, mwana wa mmodzi wa iwo akadzabwera ndi mendulo yomanga pa chitenje, kodi adzakumana ndi munthu wina woti aitembenuze ndi zala ziwiri?

Ndikupempha unduna wa zachitetezo, akuluakulu a Malawi Defence Force, bungwe la asilikali opuma la VELOM ndi a National Archives ku Zomba kuti akhale pansi apange kaundula mmodzi wa asilikali athu onse amene adafera pa ntchito, wokhala ndi nambala, gulu, malo ndi mendulo zimene aliyense adayenerera, ndipo aikidwe pa boma lililonse ndi pa intaneti m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Pamene tikudikira zimenezo, aliyense wopatsidwa udindo wowerenga mayina pa mwambowu apatsidwe kapepala kofotokoza malamulo a mendulo, ndipo pakhale msilikali wopuma pambali pake. Kwa mkulu wa komiti uja, mukudzidziwa nokha, bambo. Mayi anga akadali moyo, ndipo tasindikiza pepala la dzina la bambo awo kuti mudzaliwerenge nokha mukadzabwera kudzapepesa.

Mdzukulu wa msilikali wa Keyala